Mkazi wa Telala Analembetsa Kale

"Diresi silichepa lokha lili m'sutikesi," anatero Kabatani, ataima pakati pa chipinda, zipi itakanira pakati pa msana.

Mwamuna wake sanatembenuke. Anali atakhala pakhomo akupukuta sizasi, ndipo anayankha ngati akulankhula ndi sizasiyo. Anati mkazi akakwatiwa bwino amanenepa, si mlandu, anthu akamuona atadzaza chonchi amayamikira mwamuna. Tsiku lina nthabwala imeneyi ikanamuseketsa Kabatani. Lero anangovula diresilo n'kulitembenuza kunja mkati.

Linali diresi lobiriwira, la mabatani aang'ono pachifuwa, limene mwamuna wakeyo, amene anali telala, anamusokera asanakwatirane. Dzina lakuti Kabatani linachokeranso pa mabatani omwewo. Tsopano m'chiuno munali msoko watsopano mbali zonse ziwiri, ulusi wake ukadali woyera, ndipo pambali pake panatsala kamzere ka choko. Msokowo ankaudziwa ngati mmene ankadziwira kayendedwe ka mwamuna wake. Palibe telala wina amene ankamaliza msoko mobwerera kawiri n'kusiya kamchira ka ulusi. Atalinunkhiza, linkanunkhira sopo amene m'nyumbamo sanalowemo.

Anamufunsa kuti wachepetsa diresilo ndani. Telalayo anati mwina anachepetsa yekha kalekale n'kuiwala, munthu wosoka zovala zambiri sangakumbukire msoko uliwonse. Anamufunsa kuti anachepetsera chiuno cha yani. Apa mwamunayo anaimirira, nakoloweka tepi yoyezera m'khosi, n'kunena kuti akuchedwa kuntchito. Atafika pakhomo anacheuka n'kufunsa kuti kodi diresilo akulifunira chiyani m'mawa wonse uno.

Kabatani anati akupita kusukulu kukalembetsa m'kaundula wa chisankho cha makhansala, ndipo kumeneko amajambula chithunzi.

"Zandale izi zisiye, iwe," anatero telalayo mofulumira. "Mzere wake ndi wautali, dzuwa likupweteka. Ndinalembetsa ine, zakwana."

Anatuluka. Kabatani anatsala ali chigwirire diresilo, akuganiza kuti munthu uyu ndi yemwe uja amene sabata yapitayo ankati onse awiri akavotere aliyense amene angakonze ngalande ya kuseri kwa nyumba. N'chiyani chamusintha? Iye chiphaso chovotera ankachifuna pa chifukwa china chimene sanauze munthu. M'dera lino anali mlendo. Anthu ankadziwa kuti telala anakwatira, koma nkhope ya mkaziyo ankaidziwa ndi ochepa. Ankalakalaka kakhadi kokhala ndi nkhope yake ndi dzina la malo ano, konena kuti kwawo tsopano ndi kuno.

Anavala diresi lina n'kupita yekha.

Kalembera ankachitikira m'kalasi ya ana aang'ono, madesiki atawaunjika kukhoma. Pakona anapachika nsalu yoyera yojambulirapo, ndipo patebulo panakhala mayi wa magalasi, wolemba maina. Mayiyo anamufotokozera mwaulemu kuti munthu wopanda pepala losonyeza kuti amakhala m'wodi muno ayenera kubwera ndi mboni, ndipo mboniyo ikhale mwini nyumba kapena mutu wa banja amene analembetsa kale. Kabatani anati zimenezo n'zosavuta, mwamuna wake ndi telala wa pakhonde la golosale yaikulu ija, amuitana.

Mayi wa magalasi anasiya kulemba. Anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Mkazi wa telala analembetsa kale," anatero. "Anabwera limodzi ndi mwamuna wake. Ndikukumbukira chifukwa cha diresi lobiriwira lija, ndinachita kufunsa amene anasoka. Inuyo ndinu mchemwali wake?"

Kumbuyo kwake wina anakhosomola chifuwa chabodza. Wina ananong'ona kuti matelala ndi otero, amayeza ambiri. Mzere wonse unaseka chamumtima, ndipo Kabatani anatuluka osacheuka.

Madzulo ake nkhaniyo anaisunga mumtima. Anaphika, anatenthetsa madzi osamba, anayankha mafunso onse ndi mawu amodzi amodzi. Anayamba kumuyang'anitsitsa mwamuna wake ngati mmene munthu amayang'anira chithunzi chimene wauzidwa kuti muli nkhope yobisika. Foni ikalira, ankaona mmene akuitengera. Akachedwa pang'ono, ankanunkhiza malaya. M'mutu mwake mkazi uja anamupanga yekha: wamtali, wachiuno chochepa, woseka mosatsegula pakamwa. Masiku ena ankamupatsa tsitsi lalitali, masiku ena lalifupi. Ankamuona akutembenuka pang'onopang'ono manja ali m'mwamba, tepi ikuzungulira m'chiuno mwake.

M'mawa wina anaganiza zomutsatira telalayo. Anamusiya atsogole, iye n'kumabwera m'mbuyo ndi ndowa ngati wopita kumpopi. Mwamunayo anangopita kugolosale, natulutsa makina ake n'kuwaika pakhonde, basi. Koma Kabatani atazungulira kuseri kwa golosaleyo kuti abwerere osaoneka, anaona lole itaima pafupi ndi nyumba yosungiramo katundu, anthu akutsika, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Sanali anthu a m'dera lino. Kapitawo wa chipewa chachikopa ankawagawa ngati katundu. Wometa tsitsi wa nyumba yoyandikana nawo anapatsidwa amuna awiri. Mayi wogulitsa makala anapatsidwa mtsikana. Onsewo analunjika kusukulu, wometayo akuwabwerezera alendo akewo dzina la msewu kuti aloweze.

Golosaleyo, nyumba yosungiramo katunduyo, ndi mdadada wonse wa nyumba zimene ankakhala zinali za munthu mmodzi. Chisankho chinali chisanachitike koma aliyense ankamutchula kale kuti a Khansala, ndipo iwo ankavomera.

Telalayo atabwera kudzadya masana anapeza diresi lobiriwira litayalidwa patebulo m'malo mwa chakudya. Kabatani anamuuza zonse zimene anamva kusukulu ndi zimene anaona kuseri kwa golosale, mosakweza mawu. Mwamunayo anakhala pansi ngati munthu amene wamasulidwa katundu kumsana, n'kuyamba kufotokoza.

Anati a Khansala anaitana alendi onse mmodzimmodzi. Ali ndi munda waukulu kutali, kunja kwa wodi ino, ndipo antchito a kumundako ayenera kuvota kuno. Mlendi aliyense apatsidwa m'bale. Amene sakufuna abale, nyumba ndi khonde zili ndi anthu ambiri ozifuna. Iyeyo anapatsidwa mkazi chifukwa mkazi wake weniweni sankadziwika. Anakana, anachonderera, koma makina akawaika kuti? Khonde limenelo ndi pamene makasitomala onse amamudziwira.

Kabatani anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako analoza msoko uja.

Telalayo anakanda m'mutu. Anati mayiyo anatsika m'lole ndi zovala za kumunda, zong'ambika paphewa, ndipo palibe akanakhulupirira kuti mkazi wa telala angavale choncho. Ndiye anathamangira kunyumba Kabatani ali kumsika, n'kutenga diresi. Koma litavalidwa linkalendewera ngati thumba. Anayesetsa kuyang'ana kumbali, mtima unakana. Anthu akanati telala ameneyu sadziwa kusoka, akulephera ngakhale mkazi wake yemwe.

"Ndiye munamuyeza."

"Ndi tepi, Kabatani. Ndi ntchito."

"Munalumbira bodza pamaso pa boma, mtima sunakane. Koma chiuno cha diresi, mtima unakana."

Kabatani anafunsa ngati mayiyo ndi wokongola. Telalayo anati sanamuyang'ane nkhope. Yankho limeneli linamupweteka kuposa lina lililonse, chifukwa mwamuna wake sankadziwa kunama, ndipo ananena zimenezi akuyang'ana kumbali. Nkhani ya lole inali yoona, anaiona ndi maso. Koma nkhani yoona imathanso kufunditsa nkhani ina. Pa akazi onse a m'lole, anamusankhira ndani ameneyu? A Khansala, kapena maso ake?

Anamuuza kuti apite naye kusukulu akamuchitire umboni. Telalayo anagwira mutu. Anati akabwereranso ndi mkazi wina, mayi wa magalasi uja afunsa mafunso, ndipo pakhomo pa kalasi pamakhala wapolisi. Anapempha kuti adikire chisankho china. N'chiyani chimene chingaonongeke?

Patapita masiku angapo, a Khansala anabwera okha. Sankalowa m'nyumba za alendi, koma tsikulo anawerama pakhomo, nakhala pampando wabwino, n'kuyamikira makatani. Anati amva kuti mwana wawo akudandaula, ndipo iwo sakonda kuti m'nyumba zawo mukhale misozi. Nkhani yake ndi yaing'ono. Mwamuna kukhala ndi akazi awiri si zachilendo. Telala apite naye kusukulu akanene kuti uja anali wamkulu, uyu ndi wachiwiri. Chiphaso chituluka, mavoti achuluka, aliyense asangalala.

"Ndi mawu chabe, mwana wanga," anatero akumwetulira. "Wachiwiri wa papepala, woyamba wa kuchipinda."

Kabatani anayang'ana mwamuna wake. Ankayembekezera kuti aimirira, kapena anena kanthu, ngakhale kukhosomola kokha. Telalayo ankayang'ana zikhadabo zake.

A Khansala anawonjezera kuti pali kanthu kenanso. Amva kuti a kalembera ayamba kuyenda m'makomo kufufuza, chifukwa anthu ansanje akulankhulalankhula. Choncho mayi uja abwera adzakhale nawo pang'ono mpaka kalembera atatsekedwa, kuti ofufuza akafika amupeze akusesa pakhomo. Mphasa m'chipinda chochezera imukwanira.

Anamubweretsa kapitawo wa chipewa uja tsiku lotsatira, telala ali kuntchito. Kabatani anali atakonzekera mkazi amene anamupanga m'mutu, koma pakhomo panaima mayi wamfupi, wowonda, wa zikhatho zong'aluka, atanyamula kajumbo ka zovala. Anapempha malo mwaulemu ngati wolakwa. Komabe atakweza nkhope, maso ake anali aakulu ndi ofatsa, maso oti munthu sanganene kuti sanawaone.

Anakhala pansi, wina uku wina uko. Kenako Kabatani anamupatsa madzi akumwa, ndipo mayiyo anayamba kulankhula yekha. Anati ali ndi mwamuna ndi ana awiri kumunda. Mwamuna wakeyo analembedwa ngati mchimwene wa wometa tsitsi. Kwawo kulinso chisankho, kulinso mlatho umene ana amawoloka ndi mantha, koma voti yawo yasamutsidwira kuno, ku ngalande za eni ake. Chiphaso chake sanachigwire n'komwe. Kapitawo anatolera zonse ali m'lole, ndipo chithunzi chake anangochiona mwa kanthawi.

"Sindinajambulidwepo nditavala chinthu chokongola chotere," anatero. "Pepani, mayi. Ndinalichapa ndisanabweze."

Kabatani anafuna kumuda koma chidanicho sichinkagwira. Anafunsa, ngati akufunsa za nyengo, mmene mwamuna wake anamuyezera. Mayiyo anati zinachitikira m'nyumba ya katundu ija, pakati pa matumba, anthu ali pomwepo. Anati a telala sanalankhule chilichonse, kungoti manja awo ankanjenjemera kwambiri mpaka tepi inagwa pansi.

Manja ankanjenjemera. Kabatani anawatembenuza mawu amenewa masana onse. Munthu amanjenjemera ndi mantha. Munthu amanjenjemeranso ndi zina. Pamene ankamuyeza iyeyo koyamba, asanakwatirane, tepi inagwanso.

Telalayo atabwera anapeza akazi awiri akusankha nyemba m'lichero limodzi. Anaima pakhomo ngati wasochera nyumba. Mayi wa kumunda anatenga lichero n'kutuluka panja, ndipo Kabatani anamuuza mwamuna wake kuti mawa kalembera akutsekedwa, iye akakhala pamzere. Sadzamukoka dzanja, sadzamutumira uthenga. Akabwera n'kunena kuti ndi wachiwiri, chiphaso alandira, koma sutikesi yake ikhala italongedzedwa. Akapanda kubwera, n'chimodzimodzi.

Telalayo anafunsa ngati akudziwa chimene akumupempha. Khonde lipita, nyumba ipita, mwinanso iyeyo agona kupolisi.

"Ndikudziwa," anatero Kabatani. "Koma ine sindingakhale m'nyumba imene ndiyenera kumafunsa kuti ndine ndani."

Mzere wa tsiku lomaliza unafika mpaka pabwalo la mpira. Dzuwa linakwera, ogulitsa madzi anadutsa, amayi anakangana za malo. Pansi pa mtengo pafupi ndi khomo la kalasi panaima kapitawo wa chipewa, akuyang'ana aliyense wolowa. Kabatani ankacheukira kugeti mpaka khosi linawawa. Anamuona wometa tsitsi akulowa ndi mlongo watsopano. Anaona aphunzitsi akutuluka kukadya. Telala sanamuone.

Kutsogolo kwake kutatsala anthu ochepa, anamva fungo la mafuta a makina. Sanacheuke. Mwamuna wake anaima pambali pake, tepi ili m'khosi, tizidutswa ta ulusi tili pathalauza. Kapitawo atawaona anamwetulira n'kukweza zala ziwiri, kumukumbutsa telalayo zoti akanene. Telalayo anagwedeza mutu pang'ono. Kabatani sanadziwe ngati kumeneko kunali kuvomera kapena kupereka moni.

Mayi wa magalasi anawazindikira onse awiri. Anayang'ana telala, anayang'ana Kabatani, nachotsa magalasi n'kuwapukuta. Ngakhale wojambula anasiya kamera.

"Bambo, awa ndi ndani wanu?"

Telalayo anagwira nsonga ya tepi n'kuyamba kuikulunga pachala. Kapitawo anali atasendera mpaka pazenera.

"Ndi mkazi wanga."

"Wachiwiri?"

"Ayi, mayi. Wina ndilibe. Uja ndinanama. Sindimudziwa, ndipo sakhala kuno. Anabwera pa lole."

Pazenera chipewa chija chinazimiririka. Wometa tsitsi, amene anali pamzere wojambulitsa, anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya kasitomala atametedwa mbali imodzi, natuluka, mlongo wake watsopano n'kutsala ataima yekha pansalu yoyera. Mayi wa magalasi anaitana mkulu wa kalembera ndi wapolisi wa pakhomo. Anafunsa telalayo ngati angabwereze mawu omwewo mu ofesi, ndiponso ngati angatchule mwini lole. Iye anati angathe.

Kabatani anasendeza chitupa chake cha unzika patebulo. Mayiyo anachiyang'ana mwachisoni n'kuchibweza. Anati mboni imene yavomera kuti inanama singachitirenso munthu umboni, ndipo mboni ina yololedwa ndi mwini nyumba. Anafunsa ngati mwini nyumbayo angabwere asanatseke. Wina pamzere anaseka kuseka kowawa.

Motero chiphaso sanachipeze. Wapolisi anamutenga telala kupita naye ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Akudutsa, mwamunayo anavula tepi m'khosi n'kumupatsa mkazi wake, nanong'ona kuti athamangire makina asanawaponye mumsewu.

Anawapeza atawatulutsa kale. Makinawo anali pansi pa masitepe a golosale, tebulo lake litapendekeka, ndipo nsalu za makasitomala zinali mbwee m'fumbi. Anyamata a m'golosale ankaonerera atapinda manja. Amene ankatola nsaluzo, n'kumazikutumula imodziimodzi, anali mayi wa kumunda uja. Anati kapitawo wadutsa kunyumba n'kukhoma loko wina pachitseko, ndipo wamuuza kuti lole sibweranso, aone yekha njira yobwerera.

Kabatani anayamba kupepesa. Mayiyo anangopukusa mutu, namanga nsalu zonse pamodzi n'kuzisenza. Kenako anagwira mbali imodzi ya tebulo la makina.

"Gwirani uko, mayi. Tikupita nawo kuti?"

Kabatani anayang'ana msewu wopita kunyumba yokhomedwa, nayang'ana msewu wa kusiteji ya basi. Anakulunga tepi ija padzanja kuti chitsulo chisamucheke.

"Kusukulu," anatero. "Akatuluka atipeze pageti."

Ananyamula. Makinawo anali olemera kuposa mmene ankaonekera, ndipo ankapuma pafupipafupi, gudumu likuzungulira lokha akagunda mwala. Anthu anatuluka m'mashopu kudzaonerera. Mayi wogulitsa makala, amene sankaphonya nkhani, anafuula ali patsidya pa msewu kufunsa kuti kodi mwa awiriwa mkazi wa telala ndi uti.

Mayi wa kumunda analoza Kabatani ndi chibwano, popeza manja onse anali ndi ntchito, ndipo anapitiriza ulendo.